Mapulogalamu a E/I a Loweruka m'mawa pa TV za ku America: chomwe mwana amapezamo ndi chomwe mulibe

Mukatsegula TV ku America Loweruka cha m'ma 9 koloko m'mawa, pa ABC, CBS, NBC, Fox kapena The CW, muona zilembo ziwiri pakona ya sikirini: E/I, chidule cha mawu a Chingerezi akuti Educational/Informational. Sizichoka mpaka pulogalamu ithe. Ndi zilembo zimenezi siteshoni ikuuza boma ndi inu makolo kuti pulogalamuyo ndi yophunzitsa ndi kudziwitsa ana a zaka 16 kutsika m'munsi, ndipo iiwerengera pa maola omwe lamulo limafuna. Makolo ambiri, makamaka ongofika kumene m'dzikomo, akaona chizindikirochi mtima umakhala pansi, namusiyira mwana rimoti. Tikupemphani musafulumire. Palibe wa boma amene amayamba waonera pulogalamu n'kuipatsa E/I. Siteshoni imadziikira yokha, ndipo bungwe loyang'anira za mawayilesi la FCC limakhulupirira mawu ake pokhapokha wina atadandaula.

Chiweruzo chathu tichinene poyamba. Mapulogalamuwa ndi aulere, ndi aukhondo, alibe zolaula kapena zachiwawa, ndipo ena mwa iwo ndi opangidwa mwaluso. Mwana wa zaka 10 kupita m'tsogolo, atakhala ndi munthu wamkulu pambali, atolamo kanthu. Koma kwa mwana wa zaka 3 mpaka 8 mulibe chake, ndipo si mwangozi: sanamupangire iyeyo. Chifukwa chake chili m'lamulo lenilenilo.

Amawapanga ndani

Mungaganize kuti mawayilesi akuluakulu opikisana chonchi aliyense amaphika zake. Ayi. Pafupifupi zonse zimachokera m'khitchini imodzi, kampani yomwe inkatchedwa Litton Entertainment, ya ku South Carolina. Hearst inagula gawo lalikulu la kampaniyi mu 2017, ndipo kuyambira 2022 dzina lake ndi Hearst Media Production Group. Inayamba ndi Weekend Adventure pa masiteshoni a ABC mu 2011. Mu 2013 inatenga CBS ndi CBS Dream Team, yomwe pano imatchedwa CBS WKND. Mu 2014 inalowa pa The CW ndi One Magnificent Morning, m'malo mwa Vortexx, lomwe linali gulu lomaliza la makatuni ongosangalatsa a Loweruka m'mawa pa mawayilesi akuluakulu a malonda. Mu 2016 NBC nayo inaipatsa maola ake pansi pa dzina la The More You Know. Masiteshoni ambiri a Fox amatenga kwina: Xploration Station ya Steve Rotfeld Productions, yomwe inayamba mu 2014 ndipo imakhazikika pa sayansi.

N'chifukwa chake mukasintha tchanelo mumamva ngati simunasinthe. Kajambulidwe n'kofanana, nyimbo zakumbuyo n'zofanana, ndipo nkhani zake zimazungulira pa nyama zakutchire, agalu, madokotala a ziweto, maulendo ndi anthu otulukira zinthu. Makatuni mulibe. Mwana wamng'ono wosewera mu pulogalamu simumuona kawirikawiri. Wotsogolera amakhala munthu wamkulu wolankhula Chingerezi chothamanga cha pa TV.

Tiyeni tione theka la ola limodzi pafupi. Pulogalamu ya nyama imayamba ndi zidutswa za zonse zomwe zikubwera: kamba wa m'nyanja wokodwa mu ukonde, dokotala atavala magolovesi, boti likuthamanga. Kenako nkhani yoyamba, mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Ikafika pokoma, wotsogolera amaponya funso, mwina loti kamba amatha nthawi yaitali bwanji pansi pa madzi, n'kunena kuti yankho likubwera. Malonda. Pobwerera, amabwereza zomwe mwaona kale, amayankha funso lija ndi chiganizo chimodzi, nkhani n'kupitirira. Zimatero katatu kapena kanayi. Mukachotsa malonda ndi zobwerezazo, zatsopano zenizeni zimachepa kwambiri, ndipo zimabwera ngati tizidutswa ta mfundo: dzina la nyama, kulemera kwake, kumene imakhala. Mwana amatuluka akudziwa kuti kamba wapulumuka. Chifukwa chomwe ukonde wa asodzi umapha akamba, kuti kamba amapuma mpweya ngati ife ndipo akakodwa pansi amamira, nthawi zina amachitchula mothamanga, osaima kuti mwana aganize. Apa ndi pomwe pamafunika kholo.

Zaka 13 mpaka 16, ndi chifukwa chake

Lamulo la Children's Television Act la 1990 lili ndi miyendo iwiri. Woyamba umakakamiza siteshoni iliyonse youlutsa mumlengalenga kutumikira ana pa maphunziro, ndipo "mwana" apa ndi wa zaka 16 kutsika m'munsi. Wachiwiri umaika malire pa malonda: mphindi 10.5 pa ola Loweruka ndi Lamulungu, mphindi 12 pa ola masiku a mkati mwa sabata. Koma malire amenewa amagwira pa mapulogalamu a ana a zaka 12 kutsika m'munsi okha. Pa ana omwewo palinso malamulo ena okhwima: munthu kapena katuni ya mu pulogalamu sangagulitse katundu mkati mwa pulogalamuyo kapena moyandikana nayo, ndipo mukatsatsa chidole chochokera mu pulogalamu yomweyo, FCC imawerenga theka la ola lonselo ngati malonda.

Mwaona kampata kali pakatipo? Pulogalamu yolembedwa kuti ndi ya zaka 13 mpaka 16 imakwaniritsa mwendo woyamba popanda kumangidwa ndi wachiwiri. Mapulogalamu a m'magulu tatchulawa amalembedwa zaka zimenezi. Siteshoni imapeza maola ake a lamulo, imatsatsa monga imachitira pa pulogalamu ina iliyonse, ndipo imakoka akuluakulu okhala pakhomo Loweruka m'mawa, omwe ndiwo otsatsa malonda amawafuna. Onetsetsani zomwe zikutsatsidwa: inshuwalansi, chakudya cha agalu, magalimoto, mankhwala. Palibe mwana wa zaka 14 amene amagula zimenezo. Palibe lamulo lomwe laswedwa apa, koma cholinga cha anthu omwe anamenyera lamuloli chatsala panja.

Mukhoza kudziyesera nokha ndi wotchi ya pa foni. Pulogalamu ya theka la ola ya ana ang'onoang'ono, kumapeto kwa sabata, siyenera kupitirira mphindi 5 ndi masekondi 15 a malonda. Werengani za pulogalamu ya E/I ya Loweruka, muyerekeze.

Chotidetsa nkhawa kwambiri si malonda a pakati pa pulogalamu ayi, koma omwe alowa m'kati mwa nkhani. Sea Rescue, yomwe inakhala zaka zingapo pa ABC, inkaonetsa ntchito yopulumutsa nyama ya SeaWorld, kampani yomwe imagulitsa matikiti oonera nyama za m'nyanja. The Wildlife Docs inkajambulidwa ku Busch Gardens ku Tampa, paki ya kampani yomweyo. Mu 2016 Carnival Corporation, mwini wa sitima zapamadzi zoyendetsa alendo, inaika dzanja lake pa mapulogalamu atatu nthawi imodzi: Ocean Treks pa ABC, The Voyager pa NBC ndi Vacation Creation pa The CW. Mwana amaona madoko okongola ndi zakudya za mayiko ena, ndipo amaphunziradi dzina la mzinda, koma sitimayo nayo imaoneka bwino nthawi iliyonse. Munthu wamkulu amazindikira. Mwana wa zaka 9 sangasiyanitse. Chizolowezi chabwino n'kuonera limodzi mpaka mayina a kumapeto, pomwe amalemba omwe alipira, n'kumufunsa mwana kuti akuganiza kuti kampaniyo yapindula chiyani.

Mbiri ya lamuloli imathandiza kumvetsa chifukwa chake zinthu zafika apa. Mayi Peggy Charren ndi anzawo anayambitsa Action for Children's Television mu 1968 ku Massachusetts, atatopa ndi TV yogulitsa maswiti ndi zidole kwa ana. M'zaka za m'ma 1980, pansi pa Mark Fowler, FCC inamasula malamulo ambiri, ndipo makatuni omangidwa pa zidole za m'sitolo anadzaza mawayilesi. Nyumba ya malamulo ya Congress inavomereza bilu mu 1988, Ronald Reagan sanaisainire ndipo inafa. Ya 1990 inakhala lamulo popanda siginecha ya George H. W. Bush. Vuto linali loti silinanene kuti maola ndi angati kapena kuti pulogalamu yophunzitsa ndi yotani, ndiye masiteshoni ena anayamba kulemba makatuni akale ngati The Jetsons kuti ndi maphunziro, kapena kukankhira pulogalamu yabwino m'bandakucha ana ali m'tulo. Mu 1996, Reed Hundt ali wapampando, FCC inaika muyezo: maola 3 pa sabata, pulogalamu yosachepera mphindi 30, youlutsidwa sabata iliyonse pa nthawi yodziwika, pakati pa 7 koloko m'mawa ndi 10 koloko usiku. Zinayamba kugwira ntchito mu September 1997. Siteshoni yokwaniritsa zimenezi laisensi yake imadutsa mosavuta ikamakonzedwanso, zomwe zimachitika zaka 8 zilizonse.

Mano lamuloli linali nawo ndithu. Mu 2007 Univision, wayilesi youlutsa m'Chisipanishi, inavomera kulipira $24 miliyoni chifukwa chowerengera masewero a telenovela ngati maphunziro a ana. Mu 2004 eni ake a Nickelodeon analipira $1 miliyoni ndipo a ABC Family $500,000 chifukwa chopyola malire a malonda. Mu 2022 FCC inalengeza kuti ikufuna kulipiritsa Sinclair, kampani ya masiteshoni ambiri, chindapusa chopitirira $2.6 miliyoni, chifukwa malonda a zidole za Hot Wheels anaulutsidwa mkati mwa katuni ya Team Hot Wheels mu 2018. Koma taganizani zomwe mwini siteshoni amaphunzirapo pa zilango zotere: pulogalamu ya ana ang'onoang'ono ili ndi minga, ndipo kulakwitsa kamodzi kumadula. Ya zaka 13 mpaka 16 ilibe. Ambiri anasankha njira yopanda minga.

Mu July 2019 FCC inafewetsanso malamulo, pa voti ya 3 kwa 2, ntchitoyi ikutsogoleredwa ndi Michael O'Rielly. Tsopano pulogalamu ya 6 koloko m'mawa imawerengedwa. Siteshoni ikhoza kusankha maola 156 pa chaka m'malo mwa 3 pa sabata, bola maola 26 pa miyezi itatu iliyonse akhale a sabata ndi sabata. Otsalawo, mpaka 52 pa chaka, akhoza kukhala apadera osabwera nthawi zonse. Gawo limodzi mwa magawo atatu likhoza kusamutsidwira ku katchanelo kakang'ono ka siteshoniyo, ngati 7.2 kapena 7.3, komwe anthu ochepa amafikako. Udindo womwe unalipo woti katchanelo kalikonse koteroko kakhale ndi maola akeake atatu unachotsedwa. Mfundo ya FCC inali yoti ana masiku ano ali ndi intaneti ndi kebo. Zoona kwa ambiri. Koma banja lodalira eriyo yokha, lomwe ndilo lamuloli linkayenera kuliteteza koposa, ndilo linataya.

Oyenera nthawi ya mwana ndi ati

Mayina amasintha chaka ndi chaka, nthawi zambiri cha mu September kapena October, ndipo akale amazungulirabe pa matchanelo ang'onoang'ono. Mwa omwe akhala akuulutsidwa, gulu la Xploration Station ndilo timaliika patsogolo. Xploration DIY Sci ya Steve Spangler imachita zoyesera za sayansi ndi zinthu za m'nyumba, mabotolo, mabaluni, viniga ndi soda, ndipo imafotokoza chifukwa chake chinthu chachitika. Mwana akhoza kuzimitsa TV n'kukayesa kukhitchini, ndipo umenewo ndiwo muyezo wabwino wa pulogalamu yophunzitsa. Xploration Outer Space ya Emily Calandrelli, yemwe anaphunzira uinjiniya wa zamlengalenga, imalowa m'malo omwe amapangira ndi kuyesera zida, ndipo mafunso ake ndi a munthu wodziwa ntchitoyo.

Pa CBS, Mission Unstoppable ya Miranda Cosgrove, yomwe inayamba mu 2019, imaonetsa amayi ogwira ntchito za sayansi ndi uinjiniya. Kwa mtsikana wa zaka 11 kapena 12 amene wayamba kunena kuti masamu ndi a anyamata, iyi ndi mankhwala. Imathamanga kwambiri ndipo zidutswa zake ndi zazifupi, koma nkhope zomwe amaonazo zimakhala m'mutu. The Henry Ford's Innovation Nation ya Mo Rocca imasakaniza zida zakale za mu nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Dearborn, Michigan, ndi anthu otulukira zatsopano lero. Ndi yabwino, ngakhale nayo ndi chionetsero cha malo amodzi omwe amalipiritsa polowa. Lucky Dog ndi yokoma kuonera banja lonse: galu wotayidwa amaphunzitsidwa n'kupeza khomo. Kuitcha maphunziro a ana n'kukokomeza, koma kuleza mtima kwa wophunzitsa galu kuli ndi phunziro lake.

Pa NBC, Earth Odyssey ya Dylan Dreyer ili ndi zithunzi zokongola za nyama, koma mawu ake ndi opepuka. Mutual of Omaha's Wild Kingdom Protecting the Wild, yomwe inayamba mu 2023 ndi Peter Gros ndi Dr. Rae Wynn-Grant, imapita patali pang'ono pofotokoza ntchito yoteteza nyama, ndipo dzina la kampani ya inshuwalansi lili poyera m'mutu wa pulogalamu, sanalibise. Mapulogalamu a maulendo apanyanja tingawadumphe popanda kutaya kanthu.

Chosowa m'magulu onsewa n'chachikulu: kuwerenga, masamu a m'kalasi, mbiri ya dziko yofotokozedwa bwino, ndi zonse za mwana wosayamba sukulu. Africa akaonekamo amakhala wa mikango ndi njovu, anthu ake kawirikawiri ali kumbali. Kholo lofuna kuti mwana wobadwira ku America adziwe kwawo lisayembekezere thandizo kuchokera kuno.

Chinthu chimodzi chothandiza chomwe ambiri amachiiwala: batani la CC pa rimoti. Mawu olembedwa pansi pa sikirini amathandiza mwana amene akuphunzira Chingerezi kulumikiza zomwe akumva ndi kalembedwe kake, ndipo popeza mapulogalamuwa ndi ojambulidwa kale, mawuwo amayenda limodzi ndi wolankhula, sachedwa ngati a nkhani za pompopompo.

Nthawi youlutsira mapulogalamuwa ndi yosadalirika. Siteshoni ya kwanuko ndiyo imasankha ola, osati likulu la wayilesi. Kuyambira September mpaka kumayambiriro kwa December mpira wa makoleji umalanda Loweruka, ndipo kumadzulo kwa dzikoli, komwe masewero a masana a kum'mawa amayamba 9 koloko m'mawa, mapulogalamu a ana amakankhidwira Lamulungu kapena m'mamawa kwambiri. NBC imaonetsa Premier League kuyambira 2013, ndiye masewero omwe bambo akuwadikira ndi omwewo amene nthawi zina amasuntha pulogalamu ya mwana. Lamulo la 2019 limalola siteshoni kubwezera pulogalamu yosunthidwa mkati mwa masiku 7, isanafike kapena itadutsa nthawi yake, ndipo iwerengedwabe. Nkhani zadzidzidzi zikalowa, siikakamizidwa kubwezera n'komwe. Choncho musadalire kukumbukira za sabata yatha. Onani ndandanda ya pa TV Lachisanu madzulo.

Kwa ana ang'onoang'ono pitani ku PBS Kids

Apa sitikayika. PBS si wayilesi ya malonda, ndipo kuyambira January 2017 ili ndi tchanelo cha ana choulutsa usana ndi usiku, chomwe m'mizinda yambiri chimapezeka ngati katchanelo ka siteshoni ya PBS ya kwanuko. Daniel Tiger's Neighborhood imaphunzitsa mwana wa zaka 2 mpaka 4 kudikira, kugawana ndi kuugwira mtima, kudzera m'tinyimbo tatifupi tomwe kholo likhoza kubwereza mwana akayamba kuvuta. Sesame Street, yomwe ilipo kuyambira 1969, imagwira zilembo ndi manambala. Odd Squad ndi ya masamu a ana oyamba sukulu, Wild Kratts ndi ya nyama koma yoyezera msinkhu wa mwana, ndipo Molly of Denali imaphunzitsa kugwiritsa ntchito mapu, mabuku ndi zolembedwa pofuna yankho. Kusiyana kwake mukuona pa kayendedwe: mfundo imodzi pa nkhani imodzi, yobwerezedwa mwadala, ndipo pulogalamu sidulidwa ndi malonda pakati. Mayina a makampani othandiza amatchulidwa koyambirira ndi kumapeto. Kuyambira pa kusintha kwa 2019 masiteshoni osachita malonda sakakamizidwa kuonetsa E/I, ndiye musadabwe kuona pulogalamu yophunzitsa kwambiri ilibe chizindikiro, pomwe ya sitima zapamadzi ili nacho.

Pali nkhawa yeniyeni pa tsogolo lake. Mu May 2025 boma linathetsa thandizo la Ready To Learn lomwe linkalipirira ena mwa mapulogalamuwa, ndipo mu July chaka chomwecho Congress inachotsa pafupifupi $1.1 biliyoni yomwe inali itavomerezedwa kale kupita ku Corporation for Public Broadcasting, bungwe lomwe linkagawa ndalama za boma ku masiteshoni ngati a PBS. Masiteshoni a m'madera akumidzi, omwe ankadalira kwambiri ndalamazi, ndiwo ali pachiopsezo. Pulogalamu ya pa foni ya PBS Kids Video ndi yaulere, koma anaikonzera anthu omwe ali ku America. Achibale a ku Lilongwe kapena ku Chipata musawalonjeze kuti iwagwirira ntchito.

Kumbukiraninso kuti udindo wa maola ophunzitsa uli pa masiteshoni oulutsa mumlengalenga okha. Matchanelo a kebo amamangidwa ndi malire a malonda koma osati maola atatuwo. YouTube ndi Netflix lamuloli siliwakhudza.

Kuti muzigwire kwaulere

Simufunika kebo kapena intaneti. Mufunika TV yogulidwa ku America, eriyo, ndi waya wa coaxial, makamaka wa RG6. TV yochokera ku Malawi kapena ku Joni sigwira, chifukwa kumeneko amaulutsa ndi DVB-T2, njira yomwe dekoda ya Kiliye Kiliye imagwiritsa ntchito, pomwe America imagwiritsa ATSC. Musanagule eriyo, lowani pa mapu a DTV Reception Maps pa webusayiti ya FCC, lembani adiresi yanu, muone masiteshoni omwe amafika, mphamvu yake, mbali yomwe nsanja zili, ndi nambala yeniyeni ya tchanelo yomwe amaulutsirapo. Nambala imeneyi nthawi zambiri imasiyana ndi yomwe imaoneka pa sikirini, ndipo ndiyo imakuuzani eriyo yoti mugule. Mafunde ake ndi a mitundu iwiri: kuyambira 2 mpaka 13 ndi VHF, 14 mpaka 36 ndi UHF.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Maeriyo opyapyala omata pawindo amagwira bwino UHF koma ndi ofooka pa VHF, chifukwa mafunde a VHF ndi aatali ndipo amafuna zitsulo zazitali. Ku Washington, mwachitsanzo, WJLA ya ABC ndi WUSA ya CBS zimaulutsira pa 7 ndi 9, ndiye munthu amatha kugwira matchanelo ena onse bwinobwino awiriwa n'kumadukaduka. Mankhwala ake ndi eriyo yachikale ya timitengo tiwiri totambasula yokhala ndi kabwalo pakati: timitengoto ndi ta VHF, kabwaloko ndi ka UHF. Musatengeke ndi mabokosi olembedwa mitunda mazanamazana. Dziko ndi lozungulira, ndipo mafunde a TV sapita kutali chotero. Chokuzira mphamvu chimathandiza ngati waya ndi wautali kapena mukugawira ma TV angapo, koma mukakhala pafupi ndi nsanja chimadzaza TV ndi mphamvu yochuluka matchanelo n'kuzimirira. Yambani popanda icho. Ikani eriyo pamwamba, pafupi ndi windo loyang'ana ku nsanja, kutali ndi firiji ndi zitsulo zina. Sankhani Antenna kapena Air pa menyu, osati Cable, kenako Channel Scan. Mukasuntha eriyo, sakaninso, chifukwa TV imangokumbukira zomwe inapeza ulendo watha.

Kuona zomwe siteshoni yauza boma

Siteshoni iliyonse ya malonda yamphamvu zonse, ndi ya gulu la Class A, imapereka lipoti la mapulogalamu a ana, ndipo aliyense akhoza kuliwerenga pa publicfiles.fcc.gov popanda kulembetsa. Sakani ndi zilembo za siteshoni, osati dzina la wayilesi. Zambiri zimayamba ndi W kum'mawa kwa mtsinje wa Mississippi ndi K kumadzulo. A ku South Bend, komwe kuli Amalawi ambiri, alembe WNDU pofuna NBC kapena WSBT pofuna CBS. Mupeza malipoti a mapulogalamu a ana komanso zikalata zotsimikiza kuti malire a malonda anatsatidwa. Kale lipoti linkatchedwa Form 398 ndipo linkabwera miyezi itatu iliyonse. Pano ndi Form 2100 Schedule H, limabwera kamodzi pa chaka, pofika pa 30 January. Ndiye zomwe zachitika mu February mudzaziwerenga patatha pafupifupi chaka, ndipo chimenechi ndi chofooka chachikulu cha tsambali kwa kholo.

Mu lipotimo yang'anani zinthu zitatu: msinkhu wa ana omwe pulogalamu iliyonse yalembedwera, kuchuluka kwa maulendo omwe akuti inaulutsidwa, ndi kuchuluka kwa maulendo omwe inasunthidwa. Ngati msinkhu ndi womwewo wa achinyamata kuyambira pamwamba mpaka pansi, mwadzionera nokha kuti siteshoni ya kwanuko ilibe chilichonse cha mwana wanu wa zaka 5. Ngati zolembedwazo sizikugwirizana ndi zomwe mumaona, lembani tsiku, nthawi, nambala ya tchanelo ndi dzina la pulogalamu, jambulani sikirini ndi foni, ndipo yambani mwalembera siteshoniyo. Dzina la woyankha za fayiloyi limakhala pa tsamba lomwelo. Ikapanda kuyankha, dandaulo limapita pa consumercomplaints.fcc.gov, mbali ya TV, ndipo n'laulere. Dandaulo loti pulogalamu ndi yosakoma silipita patali, chifukwa FCC imapewa kuweruza za m'kati mwa nkhani. Lomwe limagwira ndi lowerengeka: mphindi za malonda zopyola malire pa pulogalamu ya ana a zaka 12 kutsika, chidole cha mu katuni chotsatsidwa mkati mwa katuniyo, chizindikiro cha E/I chosaoneka pa siteshoni ya malonda, kapena pulogalamu yolembedwa mu lipoti yomwe sinaulutsidwe. Sungani zolemba zanuzo. Malaisensi a TV anakonzedwanso pakati pa 2020 ndi 2023, chigawo ndi chigawo, ndipo ulendo wotsatira uyamba mu 2028; pa nthawi imeneyo munthu aliyense wokhala m'dera la siteshoni ali ndi ufulu wopereka chitsutso chake ku FCC laisensi isanavomerezedwe.